Kuyeza khansa m'magazi: maselo othothoka pa chotupa kapena timatumba ta maselo?

Chipezekere achemwali anga ndi khansa ya m'mawere, abale ndi anzanga akhala akundifunsa ngati n'zoona kuti khansa ingadziwike pongotapa magazi pamkono, popanda kudula kanyama pa chotupa. Njira zimene zikutchuka ndi ziwiri, ndipo imodzi mwa izo banja lathu linailipirira ndalama zambiri.

Yoyamba ndi yowerenga maselo a khansa amene athothoka pa chotupa n'kulowa m'magazi, omwe madokotala amawatchula kuti CTC. Anaonedwa koyamba mu 1869 ndi dokotala wa ku Australia, Thomas Ashworth, koma makina oyamba kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala la FDA ku America, a CellSearch, anabwera mu 2004. Amatenga magazi okwana mamililita 7.5, supuni yaing'ono imodzi ndi theka, n'kukoka maselowo ndi maginito potsata chizindikiro cha pamwamba pa selo chotchedwa EpCAM. Pa khansa ya m'mawere kapena ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) imene yafalikira kale, maselo 5 kapena kuposerapo amasonyeza kuti matenda akula mphamvu, pamene pa ya m'matumbo malire ake ndi 3.

Mawu akuti "yafalikira kale" ndi amene ife sitinauzidwe. Achemwali anali ndi kachotupa kangati nyemba, ndipo poopa kudulidwa anapita ku labotale ina yolipira ku South Africa, imene inkalengeza kuti imapeza khansa msanga powerenga maselo m'magazi. Pa mtengo umene anatiuza poyamba anadzaonjezapo ndalama zotumizira magazi kunja, kenako zina za dokotala womasulira zotsatira, koma zimenezo ndinaziiwala kale. Chimene chimandiwawabe ndi pepala limene linabwera lolembedwa kuti sanapeze selo ngakhale limodzi. Ndimakumbukira achemwali akulipinda bwinobwino, n'kuliika m'Baibulo, kenako n'kuimbira foni amayi kumudzi kuti mitima ikhale pansi. Panapita miyezi asanabwerere kuchipatala, ndipo pamene ankadulidwa kanyama n'kuti chotupa chitakula, mwanabere atatuluka m'khwapa.

Pepalalo silinaname, koma silinkatanthauza zimene ife tinamva. Mu mililita imodzi ya magazi muli maselo ofiira pafupifupi 5 biliyoni, pamene chotupa chaching'ono chimataya maselo ochepa kwambiri moti m'botolo limodzi akhoza osagweramo n'komwe. Komanso maselo ena a khansa akamafalikira amataya EpCAM, ndipo maginito amangowadutsa.

Njira yachiwiri imafufuza timatumba timene selo lililonse limatulutsa, titanyamula mapuloteni, RNA ndi DNA za selo limene tachokera. Timene timatchedwa exosome n'tating'ono kwambiri, mananomita 30 mpaka 150 (mu milimita imodzi muli mananomita 1 miliyoni). Ubwino wake ndi kuchuluka: m'magazi timapezeka tambirimbiri, ndipo ngakhale chotupa chaching'ono chimatitulutsa, n'chifukwa chake ofufuza akuyembekeza kuti tidzathandiza kupeza khansa isanafalikire. Vuto ndi lakuti tambiri timachokera ku maselo abwinobwino, monga amene amaundanitsa magazi, ndipo kutisiyanitsa kumafuna makina opukusa magazi mwamphamvu kwa maola angapo, pomwe malabotale sanagwirizane njira imodzi yochitira zimenezi. Ngakhale ExoDx, njira yofufuza timatumbati imene ikugwiritsidwa ntchito pa prostate, imayeza mkodzo, osati magazi.

Pa mtengo, zonse ndi zodula.

Ngakhale ndili ndi mangawa ndi amene anatigulitsa njira yoyamba, ndikaika ziwirizi pasikelo ndimasankhabe CTC, koma kwa wodwala yekhayo amene khansa yake yatsimikizika kuti yafalikira, ndipo dokotala wake akufuna kuona mmene mankhwala akugwirira ntchito. Timatumba tija ndimatiyembekezera ndi mtima wonse, koma lero sindingatulutse ndalama chifukwa cha ito. Mnzanga wina atandiimbira mwezi watha kuti wamva kachotupa m'bere, sindinamutchulire njira iliyonse mwa ziwirizi. Ndinamuperekeza kuchipatala kuti akamutape kanyama.