Miyezi 14 ndikuphunzira kujambula ndi Drawabox

Kwa zaka zambiri ndinkadziwerengera m'gulu la anthu odziwa kujambula. Mukandipatsa chithunzi cha nkhope ya munthu, pensulo ndi labala, ndinkakhala nacho madzulo atatu n'kutulutsa chinthu chofanana ndi mwini wake, mpaka makwinya a pachipumi. Anzanga ankayamikira, ine n'kumakhulupirira. Tsiku lina mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 6, anandipeza patebulo n'kunena kuti, "Amalume, mundijambulire mpando uwu, koma ukhale utagwa chagada." Mpandowo unali pomwepo pamaso panga, utaima bwinobwino. Ndinayesa kanayi. Miyendo inkatuluka ina yaitali ina yaifupi, pokhalira pake pakuoneka ngati papindika, ndipo mwanayo anangotenga pepala lomaliza mwaulemu n'kupita. Usiku umenewo zinandiwawa. Ndinazindikira kuti zaka zonsezo dzanja langa linkangosamutsa mizere kuchoka pa chithunzi kupita papepala. Chinthu chenichenicho, chokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi pansi, m'mutu mwanga munalibemo.

N'chimene chinandifikitsa ku Drawabox. Awa ndi maphunziro a pa intaneti, a m'Chingerezi, olembedwa komanso okhala ndi mavidiyo, ndipo kuwawerenga n'kwaulere. Anawayambitsa ndi Irshad Karim, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Uncomfortable, ndipo zambiri za m'maphunziro oyambirira anazitenga pa zimene iye anaphunzira kwa mphunzitsi Peter Han pasukulu ya zojambulajambula yotchedwa Concept Design Academy. Pali maphunziro 7, ndipo pakati pawo pali ntchito zikuluzikulu zobwerezabwereza. Ine ndamaliza asanu, moti zimene ndinene pano ndi za gawo limene ndaliyenda ndi mapazi anga.

Chinthu choyamba chimene amakulandani ndi labala. Ntchito yonse imachitika ndi cholembera cha inki yakuda, chija amati fineliner, chansonga ya mamilimita 0.5, papepala wamba la A4. Ine ndinagwiritsa ntchito Staedtler Pigment Liner ndi Sakura Pigma Micron. Ngati mwasankha Micron, yang'anani yolembedwa 08, chifukwa ndiyo ya 0.5, nambala za pa cholemberacho si kukula kwa nsonga. Ziwiri zoyambirira ndinaziphwanya nsonga ndekha pasanathe milungu iwiri, chifukwa ndinazolowera kukanikiza ngati ndikulemba ndi bolopeni. Cholembera chotere chimafuna kungokhudza pepala.

Poyamba lamulo la inkili ndinaliona ngati nkhanza chabe. Pano ndikuona kuti maphunziro onse atsamira pamenepa. Ukakhala ndi labala, umajambula kaye n'kumaganiza pambuyo: kamzere apa, kamzere apo, fufuta, bwereza, mpaka china chake chioneke bwino mwamwayi. Inki siibwerera. Ukadziwa kuti mzere uli ndi mpata umodzi wokha, mutu umakakamizika kugwira ntchito cholembera chisanatsike.

Njira imene amaphunzitsa pojambula mzere uliwonse amaitcha ghosting. Umaika kadontho poyambira, kena pothera. Umatembenuza pepala mpaka mkono upeze mbali yoyenda momasuka. Kenako umayendetsa cholembera m'mwamba, osakhudza pepala, kuchoka pa kadontho aka kukafika pa ako, kangapo, mpaka thupi ligwire njira. Ukatero umatsitsa cholembera n'kukoka kamodzi, mosazengereza. Ukaphonya, waphonya, suubwereza mzerewo. Ndipo kuyenda konseko kuchokere paphewa, zala ndi dzanja zingogwira cholembera. Sabata yoyamba phewa langa linkatopa pakangotha mphindi 20, ndipo mizere inkapitirira kadontho ndi mpata woonekeratu. Koma inali yowongoka, yosanjenjemera, yamoyo, chinthu chimene mizere yanga yakale yolumikizalumikiza ija inalibe. Amanena momveka kuti mzere wosalala wophonya pang'ono uposa wonjenjemera wofika ndendende, chifukwa kuloza bwino kumabwera ndi nthawi pamene mantha akakhazikika m'dzanja satuluka msanga. Pa ine zinachitikadi choncho.

Phunziro loyamba lili ndi masamba a mizere, masamba a ma ellipse, kutanthauza bwalo monga limaonekera ukaliyang'ana chammbali ngati pakamwa pa kapu, ndiponso mabokosi oyambirira. Ellipse iliyonse umaizungulira kawiri kapena katatu usanatukule cholembera. Pali ntchito imodzi ya mabokosi 25 otembenuka mozungulira ngati mpira imene imagonjetsa pafupifupi aliyense, ndipo amakuuziranitu kuti ntchitoyi yakupitirirani msinkhu, ingoyesetsani kamodzi mupitirire. Ndinakonda kuona mtima kumeneku.

Phunziro loyamba likatha pamabwera ntchito yojambula mabokosi 250, imene inatchukitsa maphunzirowa. Umajambula mabokosi asanu kapena asanu ndi limodzi patsamba, popanda rula, lililonse lotembenukira kwake, ndipo umajambula ndi mbali zakumbuyo zomwe ngati kuti bokosilo ndi lagalasi. Tsamba likadzadza umatenga rula ndi zolembera zamitundu n'kutalikitsa mizere yonse cha kutali. Mu perspective, kutanthauza njira yosonyezera papepala zinthu zapafupi ndi zakutali monga diso limazionera, mizere imene m'moyo weniweni imayenda moyandikana osakumana, papepala imayenera kumka ikuyandikirana mpaka kukakumana pamalo amodzi, monga njanji imaonekera ukaima pakati pake. Bokosi lili ndi magulu atatu a mizere yotere, gulu lililonse mizere inayi. Ukaitalikitsa, bodza lonse limaonekera poyera. Bokosi limene umaliona ngati labwino umapeza mizere iwiri ikukumana msanga, wachitatu ukuyenda wokha, wachinayi ukuthawira kwina.

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu la Drawabox, m'kuona kwanga. Rula ija imasanduka mphunzitsi amene sakunyengerera komanso sakunyoza. Mabokosi anga 60 oyambirira anali ndi vuto limodzi lomwelo: kona yakumbuyo inkagwa polakwika nthawi zonse. Ndinkaganiza kuti vuto lili pa konayo, n'kumalimbana nayo. Nditatumiza masamba anga kuti ophunzira ena awaone, munthu wina amene sindimudziwa anandilembera kuti kona yakumbuyo imangosonkhanitsa zolakwa zing'onozing'ono za mizere yonse imene ndajambula kale, ndiye ndisiye kuiyang'ana yokha, ndiziganizira mizere inayi yonse ya gulu limodzi nthawi imodzi. Mawu ochepawo anasintha mabokosi 190 otsalawo. Kuonetsa ntchito kwa ophunzira anzako n'kwaulere, ndipo pali njira ina yolipira imene ntchito yako imaonedwa ndi othandizira aphunzitsi. Ine ndadalira yaulereyo. Nthawi zina yankho limabwera msanga, nthawi zina umadikira, popeza oyankhawo ndi anthu ongodzipereka, ndipo inenso tsopano ndimayankhako ena.

Pali lamulo lina limene limanenedwa koyambirira kwenikweni: theka la nthawi yako yojambula likhale longojambula zimene ukufuna, osati zophunzira. Ndinaliwerenga n'kulinyalanyaza. Ndinkaganiza kuti munthu wamkulu wokhala ndi ola limodzi lokha madzulo sangalitaye pojambula zinthu zimene akudziwa kuti zituluka zoipa. Ndinafika pa bokosi la 140 ndikuchita mabokosi okhaokha, kenako tsiku lina sindinatsegule kope, mawa lakenso ayi, mpaka miyezi iwiri inadutsa. Ndinali nditaiwala chifukwa chimene ndinayambira. Chimene chinandibweza ndi kujambula mbalame imene inatera pawindo, ndi pensulo, mosasamala kuti ituluka bwanji. Inatuluka yopindika mlomo, koma madzulo amenewo ndinasangalala koyamba patapita nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo ndimasinthanitsa: lero phunziro, mawa zanga. Ngati mungayambe maphunzirowa, chonde lamulo ili musalidumphe. Ndi lovuta kuposa mabokosi, chifukwa limakukakamiza kuyang'anizana ndi kusiyana kwa chimene uli nacho m'mutu ndi chimene dzanja lingathe lero.

Phunziro lachiwiri ndi lodzadza kwambiri. Muli mivi yopindika ngati riboni, muli zinthu zooneka ngati soseji zimene umazikulunga ndi mizere kuti zioneke zonenepa, muli kulowetsana kwa mabokosi, mipira ndi masilinda, zinthu zooneka ngati chitini. Mulinso kaonekedwe ka khungu la zinthu, ndipo apa ndinaphunzira chinthu chimene sindikanachipeza ndekha. Pojambula mamba a nsomba kapena khungwa la mtengo, ine ndinkazungulira bamba lililonse ndi mzere. Iwo amati jambula kamthunzi kamene bamba lililonse likuponya pa linzake, basi. Pamene pali kuwala kwambiri timithunzito timatha, pepala n'kutsala loyera, koma diso la woonera limadzazamo lokha. Ntchito yoyamba ndi pepala lofwinyidwa. Ndinakhala nalo madzulo awiri, ndikuliyang'ana nthawi yaitali kuposa imene ndinkajambula. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zomera za m'phunziro lachitatu ndinazidutsa mosavuta kwenikweni. Tsamba umaliyamba ndi mzere umodzi wosonyeza mmene likuyendera mumphepo, kenako m'mphepete mwake, timano take pomaliza.

Pa tizilombo, phunziro lachinayi, m'pamene zonse zinagwirana. Ndinasankha mavu. Mpira wa mutu, mpira wa chifuwa, mimba yotalika, miyendo yopangidwa ndi timasoseji tolumikizana. Nditakulunga mimbayo ndi mikwingwirima yake motsata kunenepa kwake, ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo: ndinkadziwa kuti mavuwo ali ndi mbali ina imene sindikuiona, ndipo ndikanatha kunena pamene mwendo wa kuseriko watulukira. Pepala linasiya kukhala lafulati. Ndinatseka chithunzi chimene ndinkaonera, n'kujambulanso mavu omwewo akuyang'ana kumanzere chakumwamba. Sanali okongola, koma anaima. Phunziro la nyama limapitiriza zomwezo: chigaza, nthiti ndi chiuno poyamba, kenako minofu imene umaiika pamwamba ngati dothi loumbira, chigawo chilichonse chikukumbatira chimene chili pansi pake. Agalu ndi mbalame zinandiyendera bwino. Mitu ya akavalo ndinabwereza masamba anayi.

Ndiyenera kunena zimene simuzipeza kuno, kuti musalowe ndi chiyembekezo cholakwika. Saphunzitsa kujambula thupi la munthu kapena nkhope. Saphunzitsa mitundu, kapakidwe ka kuwala ndi mdima, ngakhale kasanjidwe ka zinthu m'chithunzi kuti chikope maso. Iwo eni amanena kuti cholinga chawo n'chochepa dala: kulamulira mzere ndi kumvetsa mmene zinthu zimakhalira mu danga. Zojambula zimene umatulutsa zimakhala ndi mizere yonse yomangira ikuonekera, moti si zopachika pakhoma. Munthu amene akufuna chithunzi chokongola mwezi uno akhumudwa. Mwana wamng'ono sindingamupatse maphunzirowa. Iye azingojambula mosangalala. Komanso zowerenga n'zambiri, ndipo malangizo ena ndinkawawerenga katatu ndisanawamvetse, choncho ndi bwino kuwerenganso tsamba la ntchito nthawi iliyonse musanaiyambe, m'malo modalira zimene mukukumbukira.

Amene ndingamulimbikitse ndi mtima wonse ndi munthu wonga mmene ndinalili ine, wodziwa kukopera koma wosowa pogwira akachotseredwa chithunzi. Winanso ndi amene sanajambulepo n'komwe ndipo amakhulupirira kuti luso ndi lobadwa nalo. Pamasamba 50 a mabokosi mumaona ndi maso anu mzere ukuwongoka, kona zikukhazikika, ndipo n'zovuta kupitiriza kukhulupirira kuti munabadwa opanda dzanja pamene tsamba loyamba ndi lomaliza zili patebulo limodzi.

Tsiku lililonse la phunziro ndimayamba ndi mphindi 10 kapena 15 ndikubwereza ntchito ziwiri kapena zitatu zakale, monga amalangizira. Pano ndili pa masilinda 250, ndafika pa 87. Kutsogolo kuli zinthu za m'nyumba, mawilo 25 ndi magalimoto, ndipo kumeneko rula imaloledwa.

Mwezi watha mwana uja anabweranso. Za mpando anali ataiwala, ine ayi. Ndinajambula bokosi lopendekeka, ndinalidula pakati kupeza pokhalira, miyendo inayi ndinaitulutsa m'makona, chotsamira chikugona pansi. Zinanditengera mphindi zisanu, ndi inki. Anauyang'ana nthawi ndithu n'kunena kuti, "Amalume, tsopano muikepo mphaka akubisala kunsi kwake." Mphakayo anatuluka ndi mwendo umodzi wakumbuyo wautali kuposa unzake, ndipo nditatalikitsa mizere ya mpando ndi rula madzulo ake ndinapeza iwiri ikukumana msanga. Pepalalo anapita nalo kwawo.