Tchati cha nyama za gulu la Cnidaria chogulitsidwa pa boma la Dedza

Sitolo ina ya mabuku pa boma la Dedza ikugulitsa tchati chachikulu chokutidwa ndi pulasitiki, chosonyeza nyama za m'madzi za gulu la Cnidaria, monga jellyfish ndi coral, ndi malo awo pa ndondomeko ya kudyana kwa zamoyo. Ndachigwiritsa ntchito pophunzitsa Biology, ndipo ndikuona kuti n'choyenera kugula, pokhapokha mphunzitsi akhale wokonzeka kuchiwongolera.

Mbali yakumanzere ndiyo yojambulidwa mwaluso. Jellyfish, coral, sea anemone ndi hydra azionetsa ngati zadulidwa pakati, kotero kuti mwana amaona yekha kuti nyamazi zilibe ubongo ndipo zili ndi khomo limodzi lokha, lolowera chakudya komanso lotulukira zotsalira. Chithunzi cha cnidocyte, selo ya pa timanja ta nyamazi imene imaponya kaulusi ka ululu ikakhudzidwa, chinathandiza ophunzira anga kumvetsa mmene kanyama kofewa, kopanda mano, kamagwirira nyama inzake. Pulasitikiyo imapiriranso chinyezi cha kuno, chimene chimawononga mapepala pakhoma.

Vuto lili kumanja, pa ndondomeko ya kudyana. Wojambula waika coral pansi penipeni pamodzi ndi zomera, ngati kuti imadzipangira chakudya. Coral ndi nyama, ndipo imagwira tizilombo toyandama m'madzi. Zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndi ndere zokhala m'thupi mwake. Cholakwika chotere chikhoza kumutayitsa malikisi mwana pa mayeso a MSCE, ndipo chimandipweteka chifukwa ana amakhulupirira kwambiri chinthu chosindikizidwa. Kamba wa m'nyanja yamchere wotchedwa leatherback, amene amadya jellyfish, yekhayo ndiye ali pamalo pake.

Zitsanzo zonse za pa ndondomeko ya kudyana n'za nyanja yamchere, chonsecho hydra amakhala m'madzi opanda mchere, pa masamba a zomera za m'maiwe, kumene amadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi totchedwa Daphnia. Ndi kanyama komweka kamene katswiri wa zamoyo Abraham Trembley analemba za iko mu 1744 atakaduladula n'kuona chidutswa chilichonse chikukula kukhala hydra wathunthu. Pambali pa tchaticho ndinamata pepala la nyanja yathu: ndere, tizilombo toyandama, usipa, ncheni, kenaka nkhwazi. Ana ochokera ku Mtakataka anayamba kutsutsana za malo a kampango ndisanawafunse n'komwe.

Mawu a pa tchatichi ndi a Chingerezi okhaokha, ndipo zilembo n'zazing'ono moti okhala kumbuyo kwa kalasi ayenera kusendera pafupi kuti awerenge.