Makadi, Scratch kapena micro:bit: tiyambe ndi chiti kwa ana a pulayimale?

Aphunzitsi anzanga, tikafuna kuti ana agwire okha zinthu za sayansi ndi zamakompyuta, ambiri timathamangira kufunsa kuti tigule chiyani. Ine ndimayamba ndi funso lina: chinthucho chikakana kugwira ntchito, kodi mwana angapeze yekha pamene palakwika? Njira zitatu izi ndaziyeza ndi muyeso umenewo.

Yoyamba, ya makadi, sifuna n'komwe magetsi. Tim Bell wa ku yunivesite ya Canterbury ku New Zealand ndi anzake anayamba kusonkhanitsa masewera ophunzitsa zamakompyuta popanda kompyuta m'zaka za m'ma 1990, ndipo amadziwika ndi dzina loti CS Unplugged. Ana asanu amaima kutsogolo, aliyense ali ndi khadi la madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Wina akaitana 13, a 8, 4 ndi 1 amaonetsa makadi awo, enawo n'kutembenuza. Basitu, kawerengedwe ka kompyuta kaja ndi kameneka, ndipo posakhalitsa pamapezeka mwana wozindikira yekha kuti makadi asanu sangapitirire 31. Kapena mwana mmodzi akhale loboti, anzake azimulamula kuti masitepe awiri kutsogolo, khotera kumanja. Akagunda desiki, kalasi yonse imadziwa lamulo limene lamusocheretsa. Pa muyeso wanga uja palibe njira yoposa iyi. Koma imatha msanga. Pakapita milungu ingapo ana amafunsa kuti kompyuta yake ili kuti, ndipo sakulakwa.

Scratch, pulogalamu yophunzitsa ana kulamula kompyuta, inatuluka mu 2007 ku yunivesite ya MIT ku America, m'gulu lotsogozedwa ndi Mitchel Resnick. Ndi yaulere, ndipo ilipo ina yotha kuiika pa kompyuta osadalira intaneti. Mwana salemba malamulo, amangolumikiza timidadada tamitundumitundu, ndipo tosagwirizana sitilowana. Choncho sataya nthawi ndi chilembo chimodzi chimene waiwala. Anaikonzera ana a zaka 8 mpaka 16, pomwe a zaka 5 mpaka 7 ali ndi ScratchJr ya 2014. Kamphaka ka pa sikirini kamene mwana amakalamula kakayenda chakumanzere m'malo mwa kumanja, cholakwa chili m'timidadada momwemo, osati kwina, ndiye mwana amabwerera n'kuwerenga mzere ndi mzere. Kubwereza lamulo kangapo, kapena "ngati chakuti chachitika, chita chakuti", zimalowa m'mutu mosavuta pano.

Dandaulo langa ndi lakuti zonse zimathera pa sikirini. Manja a mwana agwira mausi yokha. Muwaike atatu pa kompyuta imodzi, mmodzi ndiye mwini, awiriwo ndi oonerera. Ndipo musawasiye osawapatsa chochita chenicheni, chifukwa ola lonse litha akusinthira kamphaka mtundu.

Pa micro:bit ndiimapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene sayansi imalowerera. BBC inagawa tizipangizoti pafupifupi miliyoni imodzi kwa ana a zaka 11 ndi 12 ku United Kingdom mu 2016. Ndi kakompyuta kakang'ono, kabolodi ka masentimita 4 ndi 5, kokhala ndi timagetsi 25, mabatani awiri A ndi B, komanso kamamva kugwedezeka, kamaloza kumpoto, ndipo kamalankhulana ndi kanzake pa wailesi. Mtundu wachiwiri wa 2020 anauwonjezera maikolofoni ndi sipika. Malamulo ake amalumikizidwa ndi timidadada mu pulogalamu ya MakeCode ya Microsoft, kotero wodziwa Scratch sayambira pansi.

Mwana amamanga kabolodiko pamwendo kuti kaziwerenga masitepe, n'kupeza kuti wayenda 20 koma kawerenga ena. Chifukwa chiyani? Funso limenelo ndi phunziro lathunthu. Misomali iwiri yozikidwa m'dothi la mumphika, yolumikizidwa ndi mawaya, imaonetsa kuti dothi lonyowa limadutsitsa magetsi kuposa louma. Ngakhale kutentha kumene kamaonetsa n'kwa kachipu kake komwe, osati kwa mpweya ndendende, ndipo ana akayerekeza ndi choyezera kutentha cha masiku onse amayamba kukayikira nambala. Kukayikira kumeneko sindinakuonepo pa Scratch.

Ubwino wakewo ndiwonso mtolo wake. Chikakana, vuto likhoza kukhala m'malamulo, m'waya womasuka, m'mabatire, kapena pulogalamu sinalowe n'komwe m'kabolodi. Wa zaka 10 amasangalala kufufuza malo anayi onsewo. Wa zaka 7 amangokweza dzanja, ndipo mumapezeka kuti inuyo ndinu amene mukukonza mabolodi khumi ndi awiri.

Za mabokosi a maloboti omanga ndi tizidutswa sindinena zambiri. Ana amawakonda, koma ambiri amangotsatira zithunzi za m'kabuku, ndipo kagiya kamodzi kakasowa gulu lonse laima.

Ine ana osakwana zaka 8 ndimawasiya pa makadi ndi masewera a loboti, a zaka 8 ndi 9 pa Scratch, okulirapo pa micro:bit. Akanati ndisankhe chimodzi cha makalasi apamwamba, ndikanatenga micro:bit, popeza timidadada tilimo kale. Mukatero, yesani zingwe za USB lisanafike tsiku la phunziro. Zina ndi zotchajira chabe, sizitumiza pulogalamu, ndipo kabolodi kamayaka bwinobwino ngati zonse zili m'malo.