Ndemanga pa mabuku awiri okamba za nthawi ya chipani chimodzi: la a Mapanje ndi la a Zeleza

Mabuku awiriwa ndinawagula pamodzi kwa wogulitsa wina wa pa intaneti ndipo ndinawawerenga motsatizana. Loyamba ndi And Crocodiles Are Hungry at Night, momwe a Jack Mapanje akusimba za moyo wawo m'ndende, ndipo lachiwiri ndi Smouldering Charcoal, nkhani yopeka yolembedwa ndi a Tiyambe Zeleza. Onse ndi a m'Chingerezi, ndipo onse akukamba za masiku aja pamene munthu ankatha kutengedwa ndi apolisi dzuwa likuswa mtengo popanda womuuza mlandu wake. Amene ndalama zake zikungokwanira buku limodzi ayambe ndi la a Mapanje, ngakhale kuti ndilo lokwera mtengo, koma adziwe kuti nkhaniyo adzakhala ataimva mbali imodzi yokha kufikira atawerenganso linalo.

A Mapanje anali mkulu wa gawo la maphunziro a Chingerezi ku Chancellor College pamene apolisi anawagwira ku Gymkhana Club mumzinda wa Zomba pa 25 Sepitembala 1987. Anawatsekera ku ndende ya Mikuyu, komwenso nduna zitatu ndi phungu mmodzi aja anagonako asanakaphedwe ku Mwanza mu 1983, ndipo anatuluka mu Meyi 1991 patapita zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osaonekerapo pamaso pa woweruza aliyense. Mphamvu ya bukuli ili pa zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku zimene munthu wongomva chabe sangazipeke: nyemba zofumbwa, ndowa yodzithandiziramo usiku, kuvulidwa pofufuzidwa, ndi kusowa cholembera kwa munthu amene moyo wake wonse unali wa zolembalemba. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya asilikali ena a ndende amene ankatenga timakalata ta akaidi mobisa n'kukapereka kunja, akudziwa bwino lomwe kuti atagwidwa nawonso akanalowa m'chitolokosi momwemo. Anthu otere satchulidwa kawirikawiri tikamakamba za amene anamenyera ufulu wa zipani zambiri, koma popanda iwo mbiri ya a Mapanje sikanafika kwa anzawo monga Bambo Pat O'Malley, wansembe wa Katolika, ndiponso kwa mabungwe ngati Amnesty International amene anafuula mpaka boma linachita manyazi.

Bukuli lili ndi zofooka zake, ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Ndi lalitali, masamba ake amapitirira 400, ndipo pakatikati pake pali malo amene wolemba akubwereza madandaulo omwe wanena kale, mwakuti wowerenga wopanda chipiriro akhoza kuliika pambali. Komanso, popeza a Mapanje sanauzidwe mlandu wawo, m'malo ambiri akungolingalira za amene anawapereka, ndipo akuloza chala anthu ena a mphamvu amene anali pafupi ndi Kamuzu komanso ndi yunivesite. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo sindiona chifukwa chowadzudzulira, koma wowerenga asiyanitse zimene wolemba anaona ndi maso ake ndi zimene anangoziganizira ali m'chipinda chotsekedwa. Zoyambazo ndi umboni weniweni, pamene zinazo zikutionetsa mmene ulamuliro woterewu unkachititsira munthu kukayikira ngakhale mnzake wodya naye mbale imodzi.

Buku la a Zeleza linatuluka mu 1992, chaka chomwe maepiskopi a mpingo wa Katolika analemba kalata yawo yotchuka ija ya m'nyengo ya Lenti, chisankho cha referendamu cha pa 14 Juni 1993 chisanachitike. Dziko la m'nkhaniyi silitchulidwa dzina, koma Mmalawi aliyense amene anafunsidwapo khadi la chipani polowa mumsika kapena pokwera basi adzalizindikira pa masamba oyambirira pomwepo. Nkhaniyi ikutsata mabanja awiri. Mbali imodzi kuli Mchere, wogwira ntchito pa fakitale yophika buledi, ndi mkazi wake Nambe, amene akulimbana ndi umphawi, lendi ndi matenda a mwana. Mbali inayi kuli Chola, mtolankhani, ndi bwenzi lake Catherine, wophunzira wa pa yunivesite. Sitalaka ya ogwira ntchito ndiyo ikugwetsa amuna awiriwa m'ndende imodzi.

Apa ndi pamene bukuli likuchita chimene la a Mapanje silikanatha kuchita. A Mapanje anali wophunzira wodziwika, ndakatulo zawo zinali zitasindikizidwa kale ku Britain mu 1981, ndipo atamangidwa kunali anthu kunja kwa dziko olemba makalata ndi kuchita zionetsero m'dzina lawo. Mchere alibe aliyense womulembera kalata. Akamangidwa, amene akutsala ndi mavuto ndi Nambe, yemwe ayenera kudyetsa ana ndi kudziteteza kwa amuna a chipani amene akuona umphawi wake ngati mwayi wawo. Anthu ochuluka amene anadutsa m'ndende za nthawi imeneyo anali ngati Mchere, ndipo ambiri mwa iwo sanasiye buku lililonse, choncho nkhani yopeka ndiyo ikuwapatsa pakamwa. Ndinayamikiranso kuti wolemba sanamujambule Mchere ngati munthu wopanda banga chifukwa choti ndi wosauka: amamwa, amazunza mkazi wake, ndipo wowerenga amamumvera chisoni kwinaku akunyansidwa naye.

Pamene bukuli likufooka ndi pa anthu ophunzira. Chola ndi anzake akayamba kukambirana za ndale amalankhula ngati ali pa nsanja, ziganizo zawo n'zosalala kuposa mmene anthu amantha amalankhulira, ndipo chakumapeto nkhani ikuthamanga kwambiri, zinthu zikuluzikulu zikungotchulidwa m'ndime zochepa. Mitu yonena za Nambe ndi amayi anzake ndiyo ili ndi moyo, ndipo ndikanakonda ikanachuluka.

Kunena za mabuku enieniwo ngati katundu, la a Zeleza ndi la m'gulu la African Writers Series la kampani ya Heinemann, laling'ono ndi losavuta kunyamula, ngakhale kuti zilembo zake n'zazing'ono kwa munthu wa maso otopa. La a Mapanje linasindikizidwa ndi Ayebia mu 2011, ndi lochindikala, ndipo langali silinathothoke masamba ngakhale kuti ladutsa m'manja mwa abale angapo. Wogulitsa anachedwa kutumiza katunduyo kupyola tsiku limene analonjeza, ndipo sanandidziwitse chilichonse mpaka nditafunsa ndekha, koma mabuku anafika atakulungidwa bwino, osanyowa ndi osapindika.

Ambiri anakumana ndi Smouldering Charcoal ku sekondale pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo analiwerenga pofuna kuloweza mayina ndi mitu ya nkhani. Oterewa ndikuwalimbikitsa kuti aliwerengenso tsopano atakula, makamaka atangomaliza la a Mapanje, chifukwa mitu ya kundende imamveka mwina munthu akadziwa kuti ku Mikuyu zoterezi zinkachitikadi. Makolo okha asamale: m'mabuku onse awiri muli nkhanza ndi mawu ena olaula, kotero si oyenera kupatsa mwana wa ku pulayimale, koma wa Fomu 3 kapena Fomu 4 akhoza kuwawerenga, makamaka ngati pali wamkulu woti azikambirana naye.