Mwana wanenepa kwambiri: tichepetse nsima, timuthamangitse, kapena tiyambe ndi botolo la zakumwa zotsekemera?

Kuno ku Lusaka mwana akakhala ndi masaya odzaza, anthu amayamikira. Agogo amati "uyu ndiye akudya bwino," ndipo n'zovuta kuwatsutsa, chifukwa iwo analera ana nthawi imene mantha onse anali pa kuwonda. Vutolo silinathe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia (ZDHS) wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 35 ndi opinimbira, pomwe 5 ndi onenepa mopitirira. Koma ngati wanu ali mwa asanuwo, ndipo anamwino kusikelo akuuzani kuti kulemera kwake kwaposa msinkhu wake, mufunika kusankha poyambira.

Makolo ambiri timathamangira kuchepetsa nsima. Ine njira imeneyi ndimaikayikira. Mwana wa zaka zinayi akukula, mafupa ndi ubongo zikufuna chakudya. Mukamumana amalira, amakadya kwa aneba, kenaka nthawi ya chakudya imasanduka mkangano wa tsiku ndi tsiku. Ndiponso madokotala a ana kawirikawiri safuna kuti mwana wamng'ono atsike sikelo. Amafuna kuti kulemera kuime, kapena kukwere pang'onopang'ono, pamene iye akutalika. Pa nsima ingosinthani zinthu ziwiri. Mtanda ukhale ngati chibakera chake, osati chanu. Ufa ukhale wa roller meal, womwe uli ndi gaga wambiri kuposa wa breakfast ndipo umakhalitsa m'mimba. M'mbalemo muchuluke chibwabwa, kalembula, bondwe kapena rape, pambali pa nyemba kapena kapenta, ndipo dzanja lothira mafuta ophikira lipepuke.

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi yoyang'ana zomwe mwana amamwa ndi kutafuna pakati pa chakudya. Zakumwa zambiri za gasi zili ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa 100ml, ndiye kuti botolo la 300ml lanyamula masupuni aang'ono 7 kapena 8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo kwa mwana wa zaka zinayi botolo limodzi lokhalo limatsala pang'ono kumaliza gawo lonse. Onjezerani tiyi wa m'mawa wa masupuni atatu, maheu a m'sitolo, juwisi wa m'chikwama cha kusukulu, mafreezit a pageti, vitumbuwa ndi majiggies. Choipa cha shuga wa m'zakumwa n'chakuti sakhutitsa. Mwana amamwa, n'kudyabe nsima yake yonse ngati sanalawe kanthu. Ena amati shuga wa kuno ndi wabwino chifukwa ali ndi vitamini A. N'zoona kuti kuyambira mu 1998 amamuthira vitaminiyo, koma vitamini sachotsa shugayo, ndipo mwana angaipezenso m'maungu, mango ndi masamba obiriwira.

Njirayi siifuna ndalama, imachita kukusungirani. Madzi ndi mkaka wosathira shuga zilowe m'malo mwa botolo, ndipo ku Soweto Market nthochi, magwafa, kandolo ndi mango a m'nyengo yake zimakhalapo. Povuta ndi pa akuluakulu. Simungaletse mwana zimene abambo ake akumwa pamaso pake, kapena zimene agogo akumupatsira kuseri kwa chitseko. Pakufunika kukhala pansi ndi onse, ngakhale amene amatsala ndi mwana masana, ndipo agogo afotokozeredwe mwaulemu, kadi la kusikelo lili m'manja. Mwana yekha akamapatsidwa zosiyana ndi abale ake amaona ngati walangidwa, choncho nyumba yonse isinthe pamodzi.

Nanga masewera? Ndi ofunika, koma paokha sakwanira, chifukwa mphamvu zimene mwana wawotcha pothamanga madzulo onse angazibweze ndi botolo limodzi ndi chitumbuwa. Malangizo a WHO a 2019 amati wa zaka 3 mpaka 4 azitakataka mphindi 180 patsiku, 60 mwa izo zikhale zamphamvu, asapyole ola limodzi pa foni kapena TV, ndipo azigona maola 10 mpaka 13. Ana a ku Chawama ndi Matero omwe amatandala panja ndi chimpombwa amakwanitsa izi osadziwa n'komwe. Amene ali pamavuto ndi wotsekeredwa kuseri kwa mpanda, wopita kusukulu pagalimoto, wobwerera n'kufikira pa makatuni.

Tiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi omwe amatsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp musamupatse mwana. Ambiri amangotsegula m'mimba, ndipo mwana amataya madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu.

Pali nthawi imene zonsezi ziyenera kuyambira kukiliniki. Ngati mwana amaliza mkonono kwambiri kapena kubanika kutulo, ngati khungu la pakhosi kapena m'khwapa lada ndi kukhuthala ngakhale mumusambitse bwanji, ngati akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena akunenepa koma osatalika, pitani naye. Nyamulani kadi lake, pemphani kuti amuyeze msinkhu pamodzi ndi kulemera, ndipo funsani ngati angakutumizeni kwa katswiri wa zakudya kapena kuchipatala cha ana ku UTH (University Teaching Hospital).