Canon EOS 2000D: yabwino masana, koma kukada imafuna lenzi ya 50mm

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo yachinayiyo yabwera chifukwa cha lenzi imene ndinachita kugula padera, osati imene inabwera ndi kamerayi. Ine ndine wongokonda kujambula basi. Sindijambula maukwati kuti andilipire, ndilibe situdiyo, ndipo mkati mwa sabata ndimakhala ku ntchito ina. Kamera imadikira Loweruka, ulendo wa kumudzi, kapena tchuthi cha kunyanja. Amene mukufuna kamera yoti muzidyerapo, ndemanga iyi ikuthandizani theka lokha.

Yangayi ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, anandigulira alamu anga ku Joni. Mtengo sinditchula, chifukwa chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja umene mwamva lero sukhala womwewo mwezi wamawa. Canon inatulutsa kamerayi mu 2018. Ngati mukutuma wachibale amene ali ku America, kumeneko imatchedwa Rebel T7, koma ndi chinthu chomwechi.

Ndiyambe ndi chimene imachita bwino, chifukwa imachichita bwinodi. Kukakhala kuwala kokwanira, zithunzi zake simungaziyerekeze ndi za foni yanga. Ili ndi sensa (kachipangizo ka mkati kolandira kuwala nkupanga chithunzi) ya ma megapixel 24.1, yaikulu kuposa ya foni kutalitali, ndipo chithunzi chimatuluka cha 6000 x 4000. Pa sikirini ya foni kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, nchifukwa chake anzanga ena amandiseka kuti ndimasenza katundu pachabe. Kumaonekera mukakatsukitsa chithunzi chachikulu chopachika pakhoma. Cha minda ya tiyi ku Thyolo, chimene ndinajambula m'mawa dzuwa lisanakwere, tsamba lililonse la kutsogolo limaoneka palokha, ngakhale dengu limene mayi wothyola tiyi anabereka kumsana mumatha kuona mmene analilukira.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha amayi anga akupeta chimanga pakhonde. Ndinaika kamera pa Tv, pomwe mumasankha nokha liwiro lojambulira, nkusankha 1/1000 ya sekondi, ndinakhala pansi mbali imene dzuwa limawomba kuchokera kumbuyo kwawo. Mankhusu anaima m'malere, lililonse likunyezimira, chimanga chili pakati pa lichero ndi mpweya, ndipo manja awo akuoneka mitsempha yonse. Foni ikanangotulutsa fumbi la mbuu. Iwo atachiona anangoti, "Iwe, bwanji sunandiuze ndivale chitenje chabwino?" Mpaka lero amadandaula za chitenjecho, koma chithunzicho chili pabalaza pawo.

Pali kanthu kena kamene buku la malangizo silikuuzani mokwanira, koma kwa ife nkofunika. Mukamajambula munthu wakhungu lakuda ataima kutsogolo kwa nyanja yowala kapena khoma lopaka laimu, kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, nkhope nkutuluka bii. Kumbuyo kwa kamerayi kuli kabatani kolembedwa Av +/-. Kadinikizeni, nkupukusa kagudumu ka pamwamba kufika pa +1, nkhope imabwerera. Pa Auto zimenezi sizitheka, ndiye chokanipo msanga pa Auto. Ine ndimakhalira pa Av, pomwe mumasankha nokha mmene lenzi itsegukire, pafupifupi nthawi zonse.

Tsopano dzuwa likalowa. Lenzi yobwera ndi kamera, ya 18-55mm, mukaikokera mpaka pa 55mm imangotseguka kufika pa f/5.6, kutanthauza kuti imalowetsa kuwala kochepa (nambala ya f ikamakula, kuwala kolowa kumachepa). M'nyumba madzulo, makamaka magetsi akazima tili pa kababu ka sola kapena kandulo, kamera imakweza ISO, mphamvu imene sensa imamvera kuwala, kufika 3200 kapena 6400, ndipo chithunzi chimachita mchenga, mitundu nkusuluka. Mukaisiya pa Auto, kafulashi ka pamwamba kamadzuka kokha, nkhope za anthu nkumanyezimira mafuta, kumbuyo kuli mdima wa ndiweyani. Apa foni zatsopano zimaipambana kamerayi, chifukwa zimaphatikiza zokha zithunzi zingapo nkutulutsa chimodzi chowala. Miyezi yoyambirira ndinkafika poganiza kuti alamu anga anataya ndalama.

Chinasintha zonse ndi lenzi ya EF 50mm f/1.8 STM. Ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri a Canon, kakang'ono, kolemera magalamu 160 okha. Pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6 ija. Ana akuchita homuweki pa kababu kamodzi, azakhali akusonkhezera moto pa mbaula, asodzi akukonza nyali zawo pagombe kachisisira, zonsezi ndimajambula tsopano popanda fulashi. Ndiponso imachititsa kumbuyo kwa munthu kukhala chizimezime, iye yekha nkuoneka bwino, moti zovala zoyanikidwa pachingwe ndi zidebe za pabwalo sizisokonezanso chithunzi. Nayonso ili ndi khalidwe lake. Pa kamerayi 50mm imaona ngati 80mm, chifukwa sensa yake imadula ndi 1.6, ndiye mumayenera kubwerera m'mbuyo ndithu. M'chipinda chaching'ono simungakwanitse banja lonse, mumagunda khoma anthu awiri okha atalowa. Ndipo pa f/1.8 malo ooneka bwino amakhala ochepa zedi: mukalunjika pa mphuno, maso amatuluka osaoneka bwino. Pojambula anthu awiri kapena atatu ndimaitsekako kufika f/2.8 kapena f/4.

Lenzi yoyamba ija musaitaye. Ku Likoma, m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, 50mm inangondionetsa chipilala chimodzi ndi theka la zenera. Ndinabwezera ya 18-55mm, kuiika pa 18mm, kukhazika kamera pa benchi, nkutchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri kuti dzanja langa lisaigwedeze. Chinatuluka bwino, denga lonse ndi kuwala kolowera m'mazenera. Pa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, ndi lenzi yomweyi imene imakwanitsa chipwirikiti chonse cha potsika, matumba a ufa, mabokosi ndi anthu akutsikira m'maboti ang'onoang'ono.

Kulemera kwake sikodetsa nkhawa. Kamera yokha ndi batire ndi khadi ndi magalamu 475, thupi lake ndi lapulasitiki. Ndimaiika m'kachikwama kofewa, nkulowetsa m'chikwama cha kumsana chimene sichionetsa kuti muli chinthu chodula. M'minibasi chikwamacho chimakhala pamiyendo, sindilola kondakitala achiponye kumbuyo ndi matumba a makala. Pa kabaza ndimachibereka kutsogolo.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mmene anthu amasinthira akaona kamera yaikulu. Mukatulutsa foni palibe amene amacheuka. Mukatulutsa iyi, ana amathamanga akukuwa, "Amalume, tijambuleni!" nkuyamba kuima ngati asilikali kapena kuonetsa karate, chithunzi chachibadwa chimene mumafuna chathawa kale. Akuluakulu ena amayesa ndinu wojambula wa ganyu nkufunsa kuti chimodzi ndi zingati. Ena amakwiya. Mayi wina wogulitsa usipa anandiyang'ana nkunena kuti, "Achimwene, mukufuna mukatigulitse kunja eti?" Sindimawaimba mlandu, chifukwa ambiri anajambulidwapo ndi alendo osadziwa kumene nkhope zawo zinathera. Ndiye ndimayamba ndapereka moni, kugula kamulu kamodzi, kucheza, kenako kupempha. Akakana ndimabweza kamera m'chikwama. Akavomera ndimawaonetsa pa sikirini, ndipo ngati ndi malo amene ndimabwererako, ndimakatsukitsa chimodzi nkuwapatsa. Pa gule wamkulu musayerekeze kungotulutsa kamera musanafunse eni mudzi, ndipo pa rodibuloko ingoisiyani m'chikwama. Izi si vuto la Canon, koma amene akugula kamera yooneka chonchi adziwiretu kuti sadzajambulanso mobisa.

Za nyama ndi mbalame, musanamizidwe. Ku Liwonde, pa boti la mu Shire, mvuu imene maso anu akuiona bwinobwino imatuluka ngati kadontho pa 55mm. Ndinabwerekako lenzi ya 75-300mm kwa mnzanga, ndipo imayandikitsadi, koma ilibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedere, ndiye pa boti loyenda mumafunika liwiro la 1/1000 kapena kuposa, apo ayi zonse zimatuluka zogwedera. Kamerayi imajambula zithunzi zitatu zokha pa sekondi, ndipo ili ndi timadontho 9 tolunjikira, kodalirika kwambiri nkapakati. Ku Cape Maclear anyamata a maboti amaimba likhweru nkuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike kudzaitola. Mukati muitsatire nkhwaziyo kuchokera mumtengo, kamera imatsalira, mumangopeza madzi ndi nsonga ya phiko. Chimene chinandithandiza ndi kulunjika pa nsomba yoyandamayo, kudikira, nkudinikiza osasiya mthunzi wa mbalame ukangolowa. Mwa zambirimbiri zotaya mumapezamo chimodzi zikhadabo zili m'madzi. Amene cholinga chawo chenicheni ndi mbalame ayang'ane kamera ina.

Kujambula mukuyang'ana pa sikirini, monga tinazolowerera pa foni, nkochedwa. Kamera imasakasaka polunjika ngati munthu wofufuza machesi mumdima, mwana amene mumafuna kumujambula wapita kale. Sikiriniyo sitembenuka komanso siyogwira ndi chala. Zolowerani kuika diso pa kazenera ka pamwamba, kumeneko ndiye imafulumira, ndipo batire limakhalitsa.

Batire lake ndi LP-E10, ndipo Canon imati limajambula zithunzi pafupifupi 500 mukamagwiritsa ntchito kazenera kaja. Kwa ine limatha Loweruka ndi Lamlungu popanda vuto. Chovuta kwathu kuno nchakuti kamerayi sitchajidwa ndi chingwe cha USB, ndiye pawabanki yanu ilibe ntchito pokhapokha mutagula katchaja kapadera ka USB kolowetsamo batire. Ndi kuzimazima kwa magetsiku, komanso ku Mulanje kumene tinyumba togona ta m'phiri mulibe potchajira, batire lachiwiri ndi lofunika. Kuzizira kwa m'phirimo mu Juni ndi Julayi kumalifooketsa msanga, ndiye usiku ndimaligoneka m'thumba la jekete. Samalani pogula lachiwirilo. Ndinagula lina lotchipa pa kashopu kena m'tauni, lolembedwa bwinobwino ngati lenileni, ndipo pasanathe nthawi linafufuma mpaka kumavuta kutuluka m'kamera. Pulagi ya tchaja yochokera ku South Africa silowa m'masoketi athu, koma chingwe chake chimazuka, ndipo ndi chofanana ndi cha wailesi zambiri, ndiye mungosinthanitsa.

Fumbi ndi chinyezi ndiwo adani ake. Kamerayi ilibe zotchinga madzi, komanso siyeretsa yokha sensa monga zimachitira zina zodulirapo. Mu Okutobala, mphepo ikamaulutsa fumbi, kusintha lenzi panja nkuitana mavuto: mumadzaona kadontho kakuda pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse cha kumwamba, makamaka pa f/11 kapena f/16. Ndimasinthira m'nyumba kapena m'galimoto, kamera itayang'ana pansi, ndipo ndili ndi kampira kopopera mpweya. Osapuzira ndi pakamwa, osalowetsamo nsalu. Chiperoni chikagwa ndimaikulunga m'jumbo, ndipo nthawi ya dzinja sindiisiya yotsekeredwa m'kabati kwa milungu, kuopa chuku m'magalasi a lenzi.

Wi-Fi ilimo ndipo imagwira ntchito ndi pulogalamu ya Camera Connect pa foni. Kulumikiza koyamba kumafuna kudekha, koma ikagwira mumatumiza zithunzi ku foni muli pagombe pomwepo, popanda kudya bandulo. Sankhani kuti izichepetsa kukula kwa zithunzi potumiza, chifukwa WhatsApp idzazifinyabe, ndipo zenizenizo zisungeni pa laputopu. Vidiyo ndi ya 1080p, 4K palibe, ndiponso palibe polumikiza maikolofoni. Pa vidiyo ndimangotulutsa foni.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ngati ine, funsani shutter count, kuti mudziwe zithunzi zimene yajambula kale. Chotsani lenzi muyang'ane kudzera m'magalasi ake poloza kowala, muone ngati mulibe timizere ta chuku. Jambulani khoma loyera pa f/16 muone madontho a pa sensa. Werenganinso zolembedwa pa lenzi ya 18-55mm: ina imalembedwa IS II, imene imathandiza kuti chithunzi chisagwedere, ina imangolembedwa III ndipo ilibe zimenezo, koma ogulitsa ena amazitchula mtengo umodzi. Pomaliza yang'anani pamwamba pomwe pamakhala fulashi yapadera. Makamera ambiri a mtundu uwu anatuluka opanda kachitsulo kozungulira ka pakati, ndipo mafulashi ena otchipa a makampani ena sayaka popanda kachitsuloko, ndiye musagule fulashi musanaiyese pa kamera yanuyo. Wogulitsa akakana kuti muyese zonsezi pamaso pake, musapereke ndalama.