GIMP kapena Photoshop: plugin yanu muilembere iti?

Situdiyo yanga ndi kachipinda kamodzi chakufupi ndi msika wa Kamwala, ndipo chimene chimandidyetsa kwambiri ndi tizithunzi ta pasipoti, ta mafomu a sukulu ndi ta ziphaso za kuntchito. Munthu amalowa ali wefuwefu, akufuna tizithunzi pompopompo. Kachithunzi ka 35 x 45 mm pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) ndi mapikiselo 413 x 531, ndipo papepala la mainchesi 4 x 6 timakwana 8, mizere iwiri ya tinayitinayi. Kudula, kuchepetsa, kukopera, kuyala. Ndinachita zimenezi ndi manja kwa zaka, mpaka dzanja linkangoyenda lokha ngati la amayi opima kapenta ku Soweto. Ntchito yobwerezabwereza yotereyi ndiyo imafuna plugin, pulogalamu yoonjezera imene mumailowetsa mu pulogalamu yokonzera zithunzi kuti izikugwirirani ntchitoyo, ndipo anzanga angapo ojambula akhala akundifunsa kuti ayambire kuti. Ndagwiritsapo ntchito mapulogalamu onse awiri okonzera zithunzi, GIMP ndi Photoshop, ndiye ndinene zimene ndaona.

Musanalembe mzere ndi umodzi womwe, Photoshop ili ndi chinthu chimene GIMP ilibe: Actions. Mumadina batani lojambulira, n'kuchita ntchito yanu kamodzi, n'kuimitsa. Kenako pa File, Automate, Batch, mumaiuza kuti ibwereze zomwezo pa zithunzi zonse za mu foda. Palinso Image Processor pansi pa File, Scripts, yochepetsera zithunzi zambiri nthawi imodzi. Anthu ambiri amene amati akufuna plugin, Action yokha ingawakwanire. Pa GIMP mulibe chojambulira chotere. Amene muli pa GIMP 2.10 mungaike BIMP, plugin yaulere imene imachepetsa, kudula, kuika dzina la situdiyo pakona ndi kusintha mtundu wa fayilo pa mulu wonse wa zithunzi. Imathandiza, koma siifika pa Actions. Apa Photoshop yapambana, palibe chotsutsa.

Pa ma plugin opangidwa kale nkhani imatembenuka. A Photoshop abwino ambiri ndi ogula. Chitsanzo ndi Nik Collection: Google inaigula mu 2012, inaipereka ulere mu 2016, kenako DxO inaitenga mu 2017 ndipo inabwereranso pamtengo. Photoshop yeniyeniyo, kuchokera mu 2013, simuigula kamodzi ayi. Mumalipira mwezi ndi mwezi kudzera pa Creative Cloud, pamafunika khadi la kubanki, ndipo kompyuta iyenera kulowa pa intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikizire kuti mwalipira. Kwacha ikagwa, mtengo umakwera wokha inu muli mtulo. Ndikudziwa zimene ena amachita, zija zobwera pa fulashi kapena pa masamba olonjeza ma plugin odula mwaulere. Mnzanga wina anaika zotere, ndipo m'mawa anapeza mafayilo ake onse asakutseguka. Plugin ndi pulogalamu yathunthu, imatha kukhudza chilichonse chimene inu mungakhudze pa kompyutapo. Safunsa anadya phula.

GIMP, imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba mu 1995 ali ophunzira ku Berkeley, ndi yaulere, ndipo ili ndi zoonjezera ziwiri zimene sindingakhale popanda. Choyamba ndi G'MIC, ya David Tschumperlé wa ku Caen, ku France, yokhala ndi zosefera zopitirira 500. Zambiri mwa izo n'zoseweretsa chabe, koma zochotsa timadontho pa chithunzi chojambulidwa mumdima n'zimene zimapulumutsa ntchito ya pa kitchen party, kumene holo imakhala ndi getsi limodzi lofiira ndipo mkwatibwi waweramitsa mutu. Mukaitsitsa kamodzi imagwira popanda intaneti, bandulo osatha. Chenjerani ndi laputopu yakale, zosefera zina zimaitenthetsa mpaka fani kumalira ngati chigayo. Yesani kaye pa kawindo koonetsera musanadine OK. Chachiwiri ndi Resynthesizer ya Paul Harrison, makamaka Heal Selection: mumazunguliza chinthu chosafunika, nthambo ya magetsi kapena chigongono cha mlendo, ndipo imadzaza malowo ndi zozungulira. Inalipo kale Photoshop isanabweretse Content-Aware Fill mu mtundu wake wa CS5 mu 2010. Kunena chilungamo, G'MIC si ya GIMP yokha: ku Krita, pulogalamu ina yojambulira, iliko, ndipo iliponso ya mtundu wa 8bf imene imalowa mu Photoshop.

Tsopano kulemba yanu. Apa ndi pamene ndinatuluka thukuta.

Ndinayamba ndi Script-Fu, njira yolembera timapulogalamu, chifukwa imabwera ndi GIMP, palibe choikanso. Mumalemba kafayilo ka .scm, n'kukaponya mu foda ya scripts, basi. Koma chilankhulo chake, Scheme, n'cha mabulaketi okhaokha, limodzi likasowa zonse zaima, ndipo mumayamba kuwerenga ndi chala pa sikirini. Chinanso, pa 2.10 lamulo lililonse limabweza yankho lili mu mndandanda, ndiye muyenera kulitulutsa ndi mawu akuti car. Ndinataya madzulo onse osadziwa zimenezi. Ya tizithunzi ta pasipoti ndinaimaliza ndithu, mizere yochepa chabe, koma patapita miyezi itatu sindinkatha kuwerenga zimene ndinalemba ndekha.

Mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira za makompyuta ku UNZA anangoseka. "Amalume, bwanji osalemba mu Python?" Ankanena zoona. Python, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, imawerengeka ngati malangizo a munthu, ndipo kutsegula mafoda, kusintha mayina a mafayilo, kuwerengera malo a tizithunzi, zonsezo n'zosavuta. Koma apa pali dzenje lalikulu. GIMP 2.10, ya mu 2018, imagwiritsa ntchito Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 January 2020. GIMP 3.0, yotuluka mu March 2025, inasamukira ku Python 3 ndipo kalembedwe ka plugin kanasinthiratu. Mukaona phunziro pa intaneti loyamba ndi from gimpfu import, limenelo ndi lakale, pa 3.0 siligwira. Latsopano limamanga pa Gimp.PlugIn, ndipo muli do_query_procedures ndi do_create_procedure. Mizere yoyambira ndi yambiri kuposa kale, koma mumaikopera kamodzi n'kumangosintha pakatipo. Ine ndinakweza GIMP kupita pa 3.0 Lachisanu madzulo osaganiza, Loweruka m'mawa ma plugin anga onse atasowa pa menyu, makasitomala ali pabenchi. Vuto linali langa. Kwezani pa kompyuta ina kaye, kapena tsiku lopanda ntchito.

Plugin ikakana kuoneka pa 3.0, onani ziwiri izi musanatukwane. Fayilo iyenera kukhala mu foda yakeyake ya dzina lofanana nayo, monga pasipoti.py mkati mwa foda yotchedwa pasipoti, imene ili mu plug-ins. Ndipo pa Linux kapena Mac iyenera kupatsidwa chilolezo choyenda ndi chmod +x. Malo enieni a fodayo muwapeza pa Edit, Preferences, Folders. Chida chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi Procedure Browser ya pa Help: mumalemba liwu ngati scale, ndipo imakuonetsani lamulo lililonse lokhudza zimenezo ndi zimene limafuna.

Ku Photoshop nakonso kuli zakale ndi zatsopano. Yakale ndi ExtendScript, mafayilo a .jsx, JavaScript ya kalekale. Pa ntchito yaing'ono ndi yachangu zedi: fayilo imodzi, File, Scripts, Browse, yayenda. Yatsopano ndi UXP, imene inabwera ndi Photoshop 2021. Mumalemba JavaScript yamakono, maonekedwe ake mu HTML ndi CSS, kuonjezera fayilo ya manifest.json, n'kuyesa kudzera pa UXP Developer Tool. Chotuluka n'chokongola, kabokosi ka mabatani kokhala pambali ngati kobadwa nako pulogalamuyo, ndipo GIMP sipereka zotere mosavuta. Zovuta zake ndi ziwiri. Chilichonse chosintha chithunzi chiyenera kudutsa mu executeAsModal, ndipo malamulo ambiri alibe dzina losavuta, mumawatumiza kudzera pa batchPlay, milumilu ya mawu imene munthu salemba pamtima koma kukopera kuchokera pa zimene Photoshop yajambula. Ndipo amene mukugwiritsabe Photoshop CS6 ya mu 2012, UXP muiiwale, kwanu ndi .jsx basi.

Ndiye nditani? Wachinyamata amene amadziwa kale kupanga mawebusaiti, wa mtundu uja mumakumana nawo ku BongoHive, malo okumanirana a za makompyuta mu Lusaka, ndipo akufuna kugulitsa plugin kunja, apite ku UXP, chifukwa ogula ali kumeneko ndipo anazolowera kulipira. Koma ife a situdiyo za ku Matero, Chawama ndi Mtendere, amene tikufuna chida chopeputsa ntchito yathu tokha pa makompyuta atatu osalipira katatu, Python ya GIMP 3 ndiyo njira. Zimene mwaphunzirazo simuzitaya: Krita nayo imalandira ma plugin a Python kuyambira pa 4.0. Script-Fu ndingailangize kwa yekhayo amene akukonza yakale imene anaipeza.

Kaya mwasankha iti, pali ziwiri zimene ndinaziphunzira ndi misozi. Mangani zochita zonse za plugin mu gulu limodzi la undo, pa GIMP ndi undo_group_start ndi undo_group_end, kuti Ctrl+Z imodzi ibweze zonse. Apo ayi mudzadina kakumi kasitomala akuyang'ana. Chachiwiri n'chachikulu. Plugin yanga yoyamba yochepetsa zithunzi inkasunga pa dzina lomwelo, mu foda yomweyo. Ndinaiyendetsa pa zithunzi za chilanga mulilo kuti nditumize pa WhatsApp, ndipo zazikulu zonse zinasanduka zazing'ono. Amayi a mkwati atabwera kudzafuna chimodzi chachikulu choika pafelemu, ndinangoti kakasi. Mwayi wake memori khadi ndinali ndisanaifufute.

Tsopano plugin iliyonse imene ndalemba imapanga foda yatsopano yotchedwa zomaliza, ndipo isanagwire chithunzi imayang'ana ngati chilimo kale, n'kuchidumpha. Mzere umenewu ndinauonjezera mu 2024, nthawi imene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Batire ya laputopu ikafa ntchito ili pakati, magetsi akabwera pakati pa usiku ndimangoiyambitsanso, imapitiriza pamene inalekezera, ine n'kubwerera kukagona.